Udzakuliramo

Adadi anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Sizinawatengere nthawi. Ndine wamfupi.

"Mukufuna ndani, mayi?"

"Ndine Lilly, adadi."

"Lilly wake uti?"

"Mwana wanu."

Anaseka. Kuseka kwaulemu, kwa munthu wosafuna kuchititsa mlendo manyazi.

"Mwasochera chipinda. Lilly wanga ndi wamtali. Amalekeza apa." Anakweza dzanja lamanzere, limene linkagwirabe ntchito, n'kuliimika pakhutu pawo. Ine ndimawalekeza m'khwapa.

Chikwama chinali chidakali paphewa. Fumbi la ku Chileka lidakali m'masandasi. Kumbuyo kwa adadi kunaima bambo wonenepa, wavesiti, atanyamula mpeni ndi anyezi. Amenewo anali a Lubasi, Mzambia wa ku Mongu, wogona nawo chipinda chimodzi. Ndi amene anandiimbira foni kuti ndibwere.

"Ngenani chabe, ba sisi," anatero. "Osakwiya. Ine baniitana Levy. Sinimuziba Levy, koma niyankha."

Ndinalowa. Fuleti ya ku Al Nahda, ku Dubai, m'mwamba kwambiri, yodulidwadulidwa ndi mapulayiwudi ngati makola a nkhuku pamsika wa Limbe. Kuseri kwa thabwa lina wina ankapemphera m'chinenero chosadziwika. Kuseri kwa lina wina ankakazinga nsomba. Chipinda cha adadi: mabedi awiri, kabati, zenera loyang'ana khoma la nyumba ina. Anakhalamo zaka zambiri kuposa zimene anagona m'nyumba imene anamanga ku Chilomoni.

Nkhani yake inali yotere. Adadi, a Overton Malikebu, ankakonza makina oziziritsa m'nyumba zosungiramo nyama ndi nsomba ku Al Quoz. Anabwera kuno ine ndili ndi zaka zitatu. Mwezi wathawo anagwa m'chipinda chozizira, sipanala ili m'manja. Sitiroko. Chipatala chinawatulutsa akuyenda, koma mutu utataya zina. Kampani inawathokoza, inawagulira tikiti, inathetsa kontirakiti. Kuno ntchito ikatha, viza imafera pomwepo. Amakupatsa timasabata tolongedzera. Tikatha, ndiwe wolakwa. Chindapusa, apolisi, chitokosi cha odikira kuthamangitsidwa. Munthu wosokonekera mutu m'malo ngati amenewo.

Timasabatato tinali titatsala pang'ono kutha. Ndipo adadi anali atanenetsa: akwera ndege mwana wawo akabwera kudzawatenga. Osati wina.

Ndinabwera. Anandikana.

Ine malire ndimawadziwa. Ndimaoda katundu ku Kariakoo, ku Joni, ku Nakonde, n'kudzagulitsa mu Limbe. Ndikakhalitsa pamalo amodzi mapazi amayamba kundiyabwa. Ndimadziwa kulankhula ndi msilikali wa pa Songwe, ndi kondakitala woledzera, ndi mayi wa kasitomu amene wadzuka ndi mutu. Ndinati awanso ndithana nawo.

Ndinawaonetsa pasipoti. Anaiwerenga bwinobwino, chala chikutsata zilembo.

"Mayina amafanana," anatero, n'kundibwezera.

Ndinatchula amayi, malemu Everlyn. Ndinatchula mtengo wa mapeyala kuseri kwa bafa. Ndinaonetsa chipsera cha pabondo, cha waya wa mpanda wa aneba.

"Mwafufuza bwino," anatero. Anatembenukira kwa a Lubasi. "Levy, samala foni yako."

A Lubasi anaseka mpaka anyezi anagwa. "Mwaona, ba sisi? Manje ndimwe kawalala. Ine nine Levy, imwe ndimwe kawalala. Banja yakwana."

Sindikuwaimba mlandu adadi. Ankabwera kwathu kamodzi pa zaka ziwiri, mwezi umodzi. Nditakula, tchuthi chawo chinkandipeza ndili pamsewu. Pamaliro a amayi ndinali pamphasa ndi azimayi, chitenje kumutu. Pafoni pamaoneka nkhope yokha. Ndipo sitiroko inasesa zaka za posachedwazi n'kusiya zakale.

A Lubasi anandisiyira bedi lawo, iwo anakagona kwa mnzawo. Adadi sanatsutse. Mlendo ndi mlendo.

M'mawa kusanatenthe anavala ovolosi. Mabatani anawavuta. Anatsika pa lifiti. Ndinawatsatira. Anakaima pakona pamene basi ya kampani imanyamula anthu. Basi inabwera. Amwenye, Apakisitani, anyamata a ku Nepal anakwera. Dalaivala anakwezera adadi dzanja, osawayang'ana kumaso, n'kutseka chitseko. Adadi anaimabe. Magalimoto ochokera ku Sharjah ankakwawa ngati linthumbu. Dzuwa litakwera pamwamba pa nyumba, anabwerera.

"Lero yadzaza," anandiuza mu lifiti, monga mmene umauzira munthu amene wangokumana naye.

Tsiku lililonse zinali choncho.

Katoni ndinaipeza pansi pa bedi, ndikusesa. Yolemera. Ndinaikoka. Madiresi. Masiketi. Jekete yofiira. Nsapato mapeyala angapo, zatsopano, mapepala adakali m'kati. Ndinatembenuza imodzi. Nambala 41. Kwathu timati saizi eyiti. Ine ndimavala folo.

Ndinakhala pansi. Fungo la katoniyo ndinalidziwa.

Disembala aliyense kunkabwera katoni ngati imeneyi. Amalume ankakaitenga ku Chileka. Amayi ankaitsegula pakhonde, aneba akuonerera. Ndipo chilichonse chinkakhala chachikulu. Diresi kukwekwereza pansi. Manja a juzi kumeza zala. Nsapato ngati mabwato. Amayi ankafinya nyuzipepala, kuikankhira kuzala, kumanga zingwe mwamphamvu.

"Udzakuliramo," ankatero.

Sindinkakuliramo. Ndikamayandikira, nsapato zatha kale, katoni ina yafika, yokulirapo. Kusukulu anandipatsa dzina: Patapata. Ankandimva ndisanatulukire pakona. Amayi anajambulapo phazi langa papepala n'kutumiza. Adadi anayankha kuti ana amakula msanga. Amayi sanabwerezenso. Munthu akamakutumizira kuchokera kutali sumamuuza kuti walakwitsa. Ndipo adadi akabwera patchuthi lamulo linali limodzi: vala zimene anakugulira, aone kuti tikuthokoza. Mwezi wonse ndinkayenda m'nyumba pata pata, manja a diresi atapindidwa katatu.

Ndinkaganiza kuti amuna sadziwa kugula. Basi.

A Lubasi anandipeza ndili ndi nsapato m'manja. Anabwera ndi karaki, tiyi wamkaka wa zonunkhira, m'timakapu tapepala.

"Izo ni za Michelle," anatero. Kenako anadzikonza. "Awe. Ni zanu. Koma saizi ni ya Michelle."

"Michelle ndi ndani?"

"Mwana wa ba Derrick. Simumuziba? Iye akuzibani maningi."

A Derrick anali Mngelezi. Anayamba ntchito sabata imodzi ndi adadi. Benchi imodzi, zipangizo zimodzi, mapepala a sukulu ofanana mphamvu. Ankagwirirana makwerero. Kusiyana kunali ku ofesi ya malipiro.

"Kuno sibafunsa zimene uziba," a Lubasi anatero. "Bafunsa buku yako, pasipoti, ni ya kuti. Pali mtengo wa Mungelezi, pali wa Mulebanoni, wa Mufilipino, wa Mumwenye. Ise tili pansi. Tigwiririra bonse kuti basagwe."

Kontirakiti ya a Derrick inali ya banja. Nyumba, sukulu ya ana, matikiti a onse chaka ndi chaka. Ya adadi inalembedwa kuti batchala. Munthu wa ukwati wa kutchalitchi, wa mwana, batchala. Kuti uitanitse mkazi pamafunika malipiro ofika pamzere wina. Adadi anaufika mzerewo imvi zitayamba. Pamenepo lendi ndi fizi zinali zitathawira kutsogolo. A Derrick anakwezedwa, anagula nyumba, anagula ina. Anapuma chaka chatha. Viza yawo siifa ndi ntchito. Adadi anamanga zipinda zitatu ku Chilomoni, anaphunzitsa ine ndi ana a abale, anaika maliro a mtundu wonse pafoni.

"Koma sibanazondane," a Lubasi anapitiriza. "Pa Chisanu mudala anali kuyenda kudya kwao. Ba Derrick si munthu woipa. Ni buku chabe."

Michelle anabwera Lamlungu masana. Ndinamumva akupereka moni m'khonde, kenako mutu wake unatulukira pamwamba pa pulayiwudi. Polowa anawerama. Tsitsi lofiirira. Mapewa a munthu wosambira. Mano ondondozana bwino. Ananyamula zipatso za kanjedza m'kabokosi.

Adadi anadzuka pabedi ngati sanadwalepo.

"Wabwera, mwanawe!"

"Muli bwanji, ankolo?" Chichewa chake chinali chopindika, koma chinali Chichewa. Chinkakwera ndi kutsika ngati cha adadi.

"Mayi," adadi anatembenukira kwa ine, "uyu ndi Michelle. Anabadwa mwezi umodzi ndi Lilly wanga. Mukaona uyu mwaona Lilly. Msinkhu, phazi, zonse ndendende. Khungu lokha."

Michelle anandiyang'ana. Anayambira pamwamba pa mutu wanga, pamene panalibe kanthu. Kenako maso anatsika.

"Ndiwe Lilly?" anafunsa m'Chingelezi, motsitsa mawu.

"Ndine."

Ine ndi Michelle tinatsikira m'kalesitilanti ka pansi. Anayamba kufotokoza ndisanafunse. Novembala aliyense ankolo Overton ankabwera ndi chidutswa cha katoni ndi pensulo. Ankamuimika pamenepo wopanda nsapato, n'kujambula phazi. Kenako ankamutenga ku Deira, amayi ake atalola. Kuwoloka pa abra, timabwato tamatabwa tija. Kulowa m'masitolo. Kuyesa madiresi. Yomukwana ndi imene inkagulidwa. Iye malipiro ake anali ayisikilimu.

"Ankati ndi za mnzanga wamapasa wa ku Malawi," anatero. "Ndinkanyadira. Ndinkasankha mitundu yokongola kuti ukondwe. Nditakula ankangofunsa saizi pafoni." Anandiyang'ana. "Zinkakukwana?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ayi."

Anayang'ana manja ake patebulo. Nanenso ndinawayang'ana. Mafupa aatali, odzaza. Ndinakumbuka chaka cha njala, ndili sitandade thuli. Abale a kumudzi anadzaza m'nyumba mwathu chifukwa tinali ndi munthu ku Dubai. Malipiro a batchala mmodzi, pakamwa posawerengeka. Tinkadya kamodzi, madzulo. Chaka chimenecho kunabwera nsapato zoyera zamaluwa, zokongola kuposa zonse. Amayi anaikamo nyuzipepala yathunthu.

Mwina ndinangotengera amayi. Nawonso sanali aatali. Mwina ayi. Palibe angandiuze.

"Abambo anga ankadziwa za malipirowo," Michelle anatero. "Anapitako ku ofesi kukadandaula. Anawauza kuti ndi mmene msika ulili."

"Sindinabwerere zimenezo. Ndege ndi Lachitatu. Lachinayi akhala olakwa."

"Ndiwaperekeza ineyo. Mpaka ku Blantyre. Ine amandidziwa."

Zinandibaya, koma ndinavomera. Tinakwera. Michelle anagwada pafupi ndi bedi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono.

Adadi anamusisita tsitsi. "Iwe uli ndi bambo ako," anatero. "Ine ndikudikira wanga. Akabwera n'kupeza ndapita ndi mwana wa eni, adzati chiyani?"

Michelle anatuluka akupukuta m'maso. Pakhomo anaiwala kuwerama. Anagunda mutu pathabwa.

Lolemba basi inawasiya. Atabwerera ndinawaphikira phala. Anadya atakhala m'mphepete mwa bedi, ovolosi osavula. Anali atayamba kundizolowera, ngati wantchito wa pachipatala.

"Muli ndi ana, mayi?"

"Ayi."

"Wanga ndi mmodzi. Wanzeru. Akanakulira kuno akanalowa sukulu ya Michelle, ya dziwe losambiramo. Ndinkaima pampanda kuonerera mpikisano. Ndinkati uyo akutsogolayo ndi Lilly." Anapukuta pakamwa. "Ndinapempha kontirakiti ya banja. Chaka ndi chaka. Ankati inshallah, Overton, chaka chamawa. Mukudziwa inshallah wa mu ofesi?"

"Ndikumudziwa."

"Koma sanavale sanza. Zimenezo ndiye ayi. Chimene Michelle anavala, Lilly anavala. Sitolo imodzi, saizi imodzi. Pamenepo pokha sanatisiyanitse."

Ndinatenga mbale n'kupita kukhitchini. Ndinaitsuka nthawi yaitali.

Lachiwiri basi inawasiyanso. A Lubasi anabwera ndi nzeru.

"Tibanamize. Tikambe kuti kuli makina yaonongeka ku eyapoti."

"Ndiye pachipata cha ndege?"

"Bazakana. Bazakuwa kuti mwabagwira. Mapolisa bazabwera." Anadzikanda m'mutu. "Awe, iyo pulani ni ya Levy. Si yanga."

Lachitatu m'mawa adadi anavalanso ovolosi n'kutsika. Ine ndinatsala kumanga katundu, osadziwa ngati apita kulikonse. Zawo zinali zochepa. Masuti awiri, Baibulo, masipanala okulungidwa m'nsanza. Katoni ija inali yolemera kuposa zonsezo. Ndinati ndiisiye, a Lubasi apatse wina. Ndinaitsegula komaliza. Pamwamba panali diresi yabuluu ya manja aatali. Pansi pake nsapato zakuda zachikopa.

Sindinaganize zanzeru. Ndinali nditakwiya. Ndinati mwana akumudikirayo ndimuoneko kamodzi. Ndinavala diresi. Inafika pansi n'kutsala. Manja anameza zala. Nyuzipepala ndinaitola pakhomo pa aneba, ya zilembo zozungulirazungulira za Amwenye a ku Kerala. Ndinaifinya. Manja anga anakumbukira okha kukula kwa kampira kake. Ndinakankhira kuzala. Ndinaponda.

Pagalasi la kabati panaima mwana wa sitandade thuli wa nkhope ya mayi wamkulu. Pamwamba pa mutu wake panatsala galasi lambiri lopanda munthu.

A Lubasi anandipatsa njira pakhomo.

Ndinatsika choncho. Khonde, lifiti, matailosi a pansi. Pata. Pata. Mlonda anadzutsa mutu. Kunja kutentha kunandimenya kumaso. Adadi anali pakona, atandifulatira, akuyang'ana kumene basi imachokera. Ndinayenda. Pata. Pata. Pata.

Sanatembenuke.

"Nyamula mapazi, Lilly," anatero. "Ukutha nsapato."

Ndinaima.

Anatembenuka pang'onopang'ono, mbali yodwalayo ikutsalira. Anayang'ana nsapato. Mpendero wa diresi wodetsedwa ndi fumbi. Manja opanda zala.

"Sunakuliremobe?"

"Ayi, adadi."

"Udzakuliramo." Anandipindira dzanja la diresi ndi dzanja lawo limodzi lija, katatu, monga ankachitira amayi. "Amayi ako tinawaika, eti?"

"Tinawaika."

"Ndiye wabwera wekha. Ulendo wonsewu."

Basi inafika. Inatsegula chitseko. Anthu anakwera. Adadi sanaiyang'ane.

"Tiye," anatero. "Yalla. Tingachedwe."

A Lubasi anatiperekeza pa takisi, katoni ili pamiyendo pawo. Pabwalo la ndege anakumbatira adadi.

"Muyende bwino, mudala."

"Zikomo, Levy. Usamale foni."

"Khalas, basi, nizasamala." Anatembenuka msanga, n'kumapita osacheuka.

Pamakina osechera mayi wa yunifolomu anandiuza kuti ndivule nsapato. Ndinavula. Timipira ta nyuzipepala tinagubuduka pansi. Ndinadutsa wopanda nsapato, diresi nditaikwinyira m'manja kuti ndisaponde. Kutsidya adadi anali akucheuka uku ndi uku.

"Mayi," anandigwira pamkono, "mwamuonako mwana wanga? Anali pompano. Wamtali."

Ndinathamangira nsapato. Ndinatola nyuzipepala pansi, anthu akundilambalala. Ndinaponda. Pata.

"Unali kuti?" anatero. "Usamatalikire."

Sindinazivulenso mpaka ku Chileka.

Pano tili ku Chilomoni. Mvula inagwa, inatha. Ku Kariakoo sindinapitenso. Mnzanga ndi amene amandiodera. Mapazi amayabwa, koma ali mu nambala 41, ndipo mu nambala 41 suthamangira basi. M'katoni muli nsapato zokwanira zaka zingapo. Michelle anatumiza uthenga kuti zikatha ndinene. Sindinayankhe.

M'mawa ndimafinya nyuzipepala, ndimavala, ndimawapititsira tiyi pakhonde. Amandimva ndikadali kukhitchini. Amanditchula dzina. Timacheza bwino. Za mapeyala, za makina, za a Derrick ndi makwerero awo.

Koma akamalankhula sandiyang'ana m'maso. Amayang'ana pamwamba pa mutu wanga, pamene pakanakhala nkhope. Amamwetulira pamenepo. Amadikira yankho kuchokera pamenepo.

Masiku ena ndimacheuka kuti ndione amene waima kumbuyo kwanga.